Duku la Amayi ndi Njinga ya Che Bwanali

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Ndine mwana wanu Elube. Dzanja likulembali ndi la Fainesi, poti mukudziwa kuti ine sukulu ndinangoisuzumira pakhomo, koma mawuwa ndi anga. Ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse, ndipo tikamaliza andiwerengere kuti ndimve ngati sanandibere mawu ena.

Ndiyambe ndi ana, chifukwa mukanakhala pakhonde pano mukanayambira pomwepo kufunsa. Wisikesi akadali ku njanji. Tsopano anamupatsa ukapitawo, akuyang'anira anzake okonza njanji kuchokera ku Nkaya kulowera ku Liwonde, ndipo ali ndi chipewa cha ntchito chimene savula ngakhale pakudya. Fainesi, wolembayu, akuphunzitsa pompano pa Nsanama. Ana a m'kalasi mwake anakhoza bwino chaka chatha mpaka makolo ena anamubweretsera nkhuku. Akuti zimenezi ndisanene, koma ndanena, ndipo walemba. Edina ndi amuna ake ali pa Nselema. Anagula makina osokera, ndipo madiresi ambiri a ana a sukulu kumeneko ndi a manja ake. Wabereka mapasa, mwamuna ndi mkazi. Wamkaziyo tamutcha dzina lanu, ndipo pakamwa pake sipatsekeka, ndiye dzinalo lapita koyenera. Mavuto, chitsirizira changa, uja munkanena kuti sadzatha kuyendetsa ngakhale wilibala, anapeza laisensi ndipo akuyendetsa lole yonyamula thonje ku Balaka. Za awiri aja anatsogola ali makanda sindinena kanthu. Muli nawo kumeneko, nkhani zawo mudzandiuza ndinu.

Mmodzi ndamusiya dala, Lakisoni, mdzukulu wanu wapamtima. Iyeyo ndi mlaliki tsopano, cha ku Ulongwe, ndipo iye ndi Akhristu ake aumba njerwa, awotcha, amanga nyumba ya mapemphero ya mawindo agalasi. Ndikamamuona ataima kutsogolo, Mawu ali m'manja, ndimadzifunsa ngati anatulukadi m'mimba mwa ine wosadziwa kulemba dzina langa. Koma nkhani yake ndi yaitali, ndipo ndi imene yandichititsa kuti ndimukhazike Fainesi pansi lero.

Ndisanafike kumeneko, za kumunda. Chimanga cha kudambo chachita bwino, nkhokwe yadzaza mpaka tawonjezera kankhokwe kena. Cha kumtunda anyani anatithandiza kukolola osapemphedwa. Nandolo akulonjeza. Wisikesi anandifolerera nyumba ndi malata, ndiye mvula ikamagwa sindimva ngakhale pemphero langa lomwe, ndimangokhulupirira kuti Mwini wake akumva. Maso anga ayamba kuchita nkhungu, ndipo mawondo akufanana ndi anu aja. Ku boma kuja inu munkati ku Kasupe tsopano akuti ku Machinga. Ndanena kuti mukamva dzinalo musaganize kuti tinasamuka. Makadi a chipani tinagula tonse, ndipo mapasa a Edina nawonso... Fainesi wandigwira mkono, akuti pamenepa tidumphe. Tadumpha. Inu munkanena nokha kuti masiku ano munthu amayamba wayang'ana kumbuyo asanaseke m'basi.

Tsopano za tsiku limene tinakuikani. Inu munalipo, koma munali mutagona, ndiye mwina simunaone bwino. Fainesi akuti ndiyambire kutali, kuti ana a Edina akadzakula n'kuwerenga adzamve mutu wake.

Pamene inu ndi abambo munkafika kuno kuchokera kutsidya kwa malire, ine ndili kumsana, munalibe mbale ngakhale mmodzi. Dzinja loyamba lomwelo mchimwene wanga anamwalira. Munkandiuza kuti munakhala naye m'manja osadziwa woti mumuitane, mpaka anthu a kutsidya kwa mtsinje, Asilamu olankhula Chiyao, anabwera ndi makasu awo osaitanidwa. Anakumba manda, ananyamula mwana, anaphika. Kuyambira pamenepo iwo amatiika ife, ndipo maliro akagwa kwawo ife timakakumba, kutola nkhuni, kutunga madzi ndi kuphika, zosambitsa ndi zopempherera amachita okha monga mwa chipembedzo chawo. Iwo amati awilo, ife timati adzukulu. Ndipo ubale umenewu uli ndi ufulu wake. Mdzukulu amakutukwana osapalamula mlandu, amakugwirira nkhuku iwe ukuona, ndipo pamaliro a munthu wokalamba amavala zovala za malemuyo n'kumayenda ngati iye, kuyankhula ngati iye, mpaka olira aseke. Ine ndi Abiti Jafali, mwana wa mayi amene anakugwirani dzanja tsiku lija, tinakulira m'menemo. Sindikumbuka tsiku limene anandipatsa moni osanditcha mfiti.

Inu ndi chidzukulu chimenechi munali ngati mchere ndi ndiwo. Ndipo Chikhristu chanu sichinakuletseni. Kutchalitchi munkanyamula buku la nyimbo Lamulungu lililonse, chonsecho simudziwa kuwerenga, ndipo kawirikawiri linkakhala chozondoka. Nyimbo munkaziimba pamtima, koma nthawi zonse muli patsogolo pa anzanu ndi mawu awiri kapena atatu. Akakudandaulani munkati, "Ndatsogola kukakusungirani malo." Chaka cha chilala munapemphera pamaso pa amayi onse a pa Lachinayi kuti, "Ambuye, mvula yathu mwaiwala, kapena mwabwereketsa a ku Mulanje?" Mkulu wina wa mpingo atakudzudzulani kuti mumaseka kwambiri ngakhale sabata ya Mgonero, munamufunsa ngati anayamba waonapo bakha akuyenda. Munati amene anaumba bakha n'kumupatsa mayendedwe amenewo sangakhale wodana ndi kuseka.

Lakisoni ali mwana anali wophunzira wanu. Ankatha kuyenda ngati munthu aliyense wa m'mudzi muno, ndipo inu munkamukonza: phewa litsike, mlomo upotoke chonchi. Kenaka anapita ku Joni, kumigodi, n'kubwerako ndi wailesi, jekete ndi ludzu la mowa. Mukukumbuka mmene tinavutikira. Nthabwala zake zinasamukira kumowa, akuseketsa anthu kuti amugulire kachasu. Tsiku limene anatembenuka mtima pa msonkhano wa chitsitsimutso ku Balaka, anataya mowa, n'kutayira limodzi kuseka, poti kwa iye ziwirizi zinkamwera chikho chimodzi. Sindimunyoza, Amayi. Mowa uja ukanamupha, ndipo Ambuye anamuwombola ndithu. Koma anakhala ngati munthu amene nyumba yake inapsapo, ndiye salolanso ngakhale nyali. Ana ake akamasewera pabwalo, iye akangotulukira, onse ankangoti zii ngati anapiye aona kabawi.

Ndiye tsiku la maliro anu, m'mawa, tisananyamule bokosi, amayi a pa Lachinayi akuimba, Abiti Jafali anatuluka m'nyumba mwanu atavala duku lanu loyera la kumpingo. Ndodo yanu ili kudzanja ili, buku la nyimbo kudzanja linalo, chozondoka. Anayenda mopendama monga inu, n'kulowa pakati pa oimba, n'kuyamba kuimba patsogolo pawo, Chichewa chake chopindika ndi Chiyao. Oimba aja atamuyang'ana, iye anati, "Fulumirani, ine ndatsogola kukakusungirani malo." Amayi, anthu anagwa ndi phwete misozi ili m'masaya. Ine chimwalirire inu pachifuwa panga panali ngati atsamiritsapo mtondo, koma nthawi imeneyo ndinamva mpweya ukulowa.

Lakisoni anaimirira. Anati, "Mayi, pano tikuika Mkhristu. Duku limenelo si la masewera." Ndipo anatambasula dzanja n'kulichotsa kumutu kwawo. Mayi wamkulu, Msilamu, imvi zili pamtunda pamaso pa amuna onse. Abiti anaika buku lija pamphasa bwinobwino, anatsamiritsa ndodo pakhoma, anafunda nsalu yake kumutu n'kukhala pansi. Amuna a kwawo anamaliza ntchito yawo yonse, anakunyamulani, anakwirira, poti ntchito ya manda saisiyira panjira. Koma chakudya sanadye. Anakasamba m'manja kumtsinje n'kuwoloka.

Nditamuyankhula Lakisoni maliro atatha, anandiyankha kuti kuwala ndi mdima sizikhalira pamodzi, ndipo duku lija anapita nalo. Ine ndinagwira nkhuku n'kuwoloka kukapepesa. Abiti anandiyalira mphasa yatsopano, anandifunsa za ana mmodzimmodzi, n'kundiperekeza nkhuku yanga ili m'manja mwanga. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akundibera nkhuku anakana yopatsidwa. Tikakumana kuchigayo ankati, "Mwaswera bwanji, mayi?" Ulemu umenewo, Amayi, unkandipweteka kuposa mbama.

Mvula yagwa katatu zinthu zili choncho. Sindikubisirani, ndinkaopa. Msinkhu wangawu munthu amayamba kuganiza za amene adzamunyamule. Ana ndili nawo, mpingo ndili nawo, adzaimba bwino ndithu. Koma ndinkaona maliro anga ali zii, anthu atakhala mwaulemu ngati ali pa ofesi ya boma, popanda woti avale nsalu yanga n'kuonetsa zidzukulu zanga mmene ndinkakalipira mbuzi. Ndiponso ndinkaona kuti ubale umene inu munaupeza ndi mtembo wa mwana m'manja ukuthera m'manja mwa ine. Ndinkapempherera chinthu chimodzi chomwechi m'mawa uliwonse, mpaka ndinayamba kuchita manyazi kuti Ambuye atopa nane.

Che Bwanali, amuna a Abiti, mukuwakumbuka. Ogulitsa matemba a ku Chiuta aja, oyenda motsimphina, amene njinga yawo sankaikwera chifukwa ankati njinga ndi ya dengu, si ya munthu. Ankaitcha Abiti Chitsulo, mkazi wawo wachiwiri amene sayankha mwano, ndipo pachitunda ankainyengerera kuti, "Tiyeni mayi, pang'onopang'ono, kunyumba kuli nsanje." Lamulungu ankaima panja pa tchalitchi chathu kudikira nyimbo yomaliza, ati Akhristu akapemphera amamva njala. Chichitikire za duku zija sanaimenso pamenepo.

Anamwalira nthawi yokolola chimanga yomweyi. Uthenga kwathu sunabwere. Taganizani, Amayi, maliro a kutsidya ife kumvera kwa anthu obwera kumsika, atawaika kale. Manda anakumba anthu ena. Zinangochitika kuti Lakisoni anali kuno, anabweretsa matumba a simenti a chiliza chanu. Ndinamuuza kuti ine ndikupita, andiitane asandiitane, ndipo ngati mawondo akana ndikwawa. Iye anati andiperekeza chifukwa cha mawondowo basi, akapepesa monga munthu wa Mulungu, koma za chidzukulu ndisamuyembekezere. Anavala jekete lake la ulaliki, anandikweza pa njinga yake, tinawoloka.

Tinapeza anthu ali ndithu, amuna pansi pa mtengo wa mango, amayi kuseri, koma mudzi uli zii. Mwana wamkazi wa Abiti anandikokera pambali n'kundiuza kuti mayi ake chimwalirire bambo sanadye, sanalire, sanayankhule. Angokhala kuyang'ana khoma. Ashehe anawerenga mapemphero, amayi anzawo anawanyengerera ndi phala, koma ayi. Ankaopa kuti atsatira amuna awo. Pamenepo ndinakumbuka mawu anu aja, akuti misozi ndi phwete zimatulukira khomo limodzi, ukatseka chitseko watsekera zonse.

Ndinalowa, n'kukhala pafupi naye. Ndinayesa ntchito yanga. Ndinati, "Mfiti iwe, wamudya mwamuna uja kuti matemba uzidya wekha?" Mawuwo anangogwa pansi ngati mwala m'matope. Sanatembenuke. Ndinayesanso zina, koma zaka zitatu za ulemu zinali zitandiumitsa lilime.

Kenaka Lakisoni anafika pakhomo, anagwada, n'kuyamba kupepesa ndi mawu abwino, osankhidwa, monga amachitira pa maliro a kumpingo. Apo ndi pamene Abiti anatembenuka. Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena ndi mawu otsika, "Alaliki, lero mwabwera kudzaletsa chiyani? Kuno kulibe akuseka."

Mwana wanga anakhalabe chogwada. Anayang'ana mayi uja, amene anamulandira ndi manja ake tsiku lobadwa, ali wofota ngati tsamba la fodya. Kenaka anadzuka n'kukakhala payekha kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinati basi, wakwiya, tibwerera chimodzimodzi.

Patapita nthawi ndithu, ndinamva belu la njinga. Kenaka mawu, okweza, a m'mphuno, amene tonse tinkawadziwa: "Somba! Somba! Matemba a ku Chiuta, odya lero akhuta mpaka mawa!" Ndinasuzumira pakhomo. Lakisoni anali atavula jekete lake n'kulipachika pa nkhokwe, wavala chikhoti chakale cha Che Bwanali chonunkha nsomba, akukankha njinga ya malemu, dengu lili pambuyo, akutsimphina kuzungulira bwalo. Atafika pa kachulu ka pakati pa bwalo anaima, anapukuta thukuta, n'kuisisita njingayo pachishalo. "Tiyeni Abiti Chitsulo, pang'onopang'ono, kunyumba kuli nsanje."

Palibe anaseka. Amuna aja anangoyang'anana, ena nkhope zitayamba kuuma, poti ankamudziwa kuti ndi yemwe uja. Ndinati akamuthamangitsa pano ndiye zatheratu. Koma iye sanasiye. Anazunguliranso, thukuta lili chuchuchu, akutsatsa matemba kwa ashehe, akulumbira kuti mtengo umenewu akugulitsa moluza chifukwa cha chibale.

Ndinangomva munthu akundikankha paphewa. Abiti anali ataimirira, wagwira chitseko. Anayang'ana kamodzi, kawiri, nkhope ili gwa. Kenaka anakuwa ndi mawu amene sindinawamve zaka zitatu: "Mwendo wake ndi wamanzere, chitsiru iwe! Anganga ako anakuphunzitsa chiyani?"

Amayi, mwana uja ankatsimphinira mwendo wamanja. Anaima, anayang'ana miyendo yake, anapepesa kwa njinga, n'kusintha mwendo. Woyamba kuphulika anali mchimwene wa malemu, mpaka kofiya inagwa. Kenaka bwalo lonse. Abiti anaseka atagwira chitseko, anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kusekako kunatembenuka pakati n'kukhala kulira. Analira amuna ake mokweza, akuwatchula mayina onse, ife tonse n'kumuthandiza. Atatopa anapempha madzi. Kenaka anafunsa ngati phala lija likadalipo, n'kudandaula kuti mulibe mchere.

Tisananyamuke anatuma mwana wake kuti akatenge jekete la Lakisoni pa nkhokwe paja. Analipinda n'kulikhalira. Anati, "Ili ndalanda. Ukalifuna udzaliwombola ndi chimene unanditengera." Ndipo ine anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwenso mfiti, nkhuku ija ubweretse, yakula tsopano." Sindinamvepo mawu okoma chotero chichokere inu.

Pobwerera Lakisoni sanakwere njinga. Ankaikankha ine nditakhalapo, ali ndi malaya okha. Tili pakati pa njira anandiuza zimene zinachitika kuseri kwa nkhokwe. Akuti anagwada n'kupempha Ambuye kuti amupatse mawu otonthoza mayi uja, poti mawu ake onse anali atatha. Koma m'mutu mwake simunabwere vesi ngakhale limodzi. Munkangobwera mawu a Che Bwanali otsatsa matemba. Anawadzudzula ngati mayesero, n'kupempheranso, mawu aja n'kubweranso. Kachitatu anatsegula maso, n'kuona njinga ya malemu itatsamira nkhokwe pamaso pake penipeni, chikhoti chili pa dengu. Anati, "Amayi, ndinachita mantha kuti mwina ndakhala ndikudzudzula yankho." Anandiuzanso kuti chimene ankaopa zaka zonsezi n'chakuti akangoseketsa anthu kamodzi, ludzu lija libwerera. Ndinamufunsa ngati labwerera. Anati iyayi, akungomva njala.

Ine sindine wophunzira, Amayi, ndipo za Mulungu ndimazidziwa pang'ono. Koma ndaganiza kwambiri masiku amenewa. Kuseka kulipo kwa mitundu iwiri. Kulipo kuja kwa kumowa, koseka munthu kuti achepe, ndipo kumeneko mwana wanga anachita bwino kukuthawa. Koma kulipo kwina kumene kumamunyamula munthu pamene wagwa, ngati mmene timanyamulirana mtolo wa nkhuni kuti ufike pamutu. Kumeneko ndi kumene munali nako inu, ndipo sindikhulupirira kuti munkakutenga kwina kosiyana ndi kumene munkatenga mapemphero anu. Munkanena kuti Ambuye Yesu ntchito yawo sanaiyambire pamaliro, anaiyambira paukwati, ndiponso kuti munthu amene akudziwa kuti manda si mathero ndiye woyenera kuseka kuposa onse. Kale ndinkayesa nthabwala chabe. Tsopano ndikuona kuti chinali chikhulupiriro chanu, chovala nsalu ya kumunda.

Sikuti zonse zasalala. Nkhani inafika ku Ulongwe iye asanafike, ndipo mkulu wina wa mpingo wadandaula kuti mlaliki anakachita masewera pamaliro a Asilamu, atavala chikhoti cha wakufa. Anamuitana kuti akafotokoze. Iye anawauza kuti anapeza mayi akufa ndi chisoni ndipo anamusiya akudya phala, tsono iwo aweruze. Ena anamumvetsa, ena ayi, ndipo akuti adzakhaliranso pansi. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa ulaliki uja anauvutikira. Koma nditamufunsa chimene adzachite akamuimitsa, anati adzagulitsa matemba, ntchitoyo waiyeserera kale. Lakisoni, Amayi, kunena nthabwala! Mwezi wa Juni wonse walalikira ndi malaya okha, kuzizira konse kuja, ndipo wakana kuti Edina amusokere jekete lina. Mkazi wake anandinong'oneza kuti tsiku lina anamupeza kuseri kwa nyumba akuwaonetsa ana mmene bakha amayendera.

Sabata yatha anabwera ndi kaphukusi. Duku lanu lija anali nalo m'sutikesi nthawi yonseyi, pansi pa mabuku ake. Walichapa yekha, walisita yekha. Akuti dzanja limene linalichotsa ndi limene lidzalibwezere, pamaso pa anthu omwe aja.

Ndiye nkhani ya chiliza chanu. Tinkafuna kuchivundukula mu Julayi, koma tasuntha, chifukwa Abiti ali m'masiku ake okhala m'nyumba monga amachitira akazi amasiye kwawo, ndipo popanda iye palibe chimene tingachite. Tafunsanso ashehe kuti tsikulo lisagwe m'mwezi wawo wosala kudya. Tsono tagwirizana Loweruka lachiwiri la mwezi wa Seputembala, m'mawa, kumanda konkuno, kenaka kunyumba kwanga. Wisikesi wapempha kale tchuthi. Mavuto akuti adzabwereka lole kuti atenge a ku Ulongwe ndi a ku Balaka. Edina abwera ndi mapasa kuti mudzawaone, ndipo wamkaziyo mudzamumva asanafike. Mbuzi ziwiri ndasunga, adzazichinja ndi mchimwene wa Che Bwanali kuti tonse tidye mbale imodzi. Pemphero adzatsogolera ndi Lakisoni, akhale mlaliki kapena wogulitsa matemba.

Dzulo ndinawoloka kukapereka nkhuku ija. Abiti anaiyeza m'manja n'kunena kuti ndainyima chakudya dala. Ndinamuuza kuti ndikulemba kalata yopita kwa inu, ndipo ndinamufunsa ngati ali ndi mawu. Anati, "Uwauze amayi ako kuti nyimbo yawo ija ndinaisiyira pakati. Ndikubwera kudzaimaliza." Wandiuzanso kuti wayamba kale kuphunzira mmene ine ndimayendera, kuti tsiku langa likadzafika asadzalakwitse mwendo. Usiku wa dzulo ndinagona tulo tabwino.

Fainesi wandiwerengera zonse, ndipo sanabe mawu ngakhale amodzi, kungoti pena pake pepala lanyowa, akuti ndi chimfine. Mupereke moni kwa abambo, kwa mchimwene wanga ndi kwa ana anga awiri aja. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse, makamaka ndikaona chinthu choseketsa n'kusowa womuuza. Ndikulonjeza kuti pa Loweruka limenelo buku lanu lidzakhalapo, ndipo palibe amene adzalitembenuze. Inu pitirizani kutisungira malo.

Ndine mwana wanu,
Elube